Womasulira Mafilimu ndi Mayina a Ogwa Pankhondo

Ku Mchesi kunali munthu wina amene ntchito yake inali yomasulira mafilimu m'Chichewa. Mukuwadziwa anthu amenewa: mzungu akatsegula pakamwa pa kanema, mawu amene mumamva ndi a munthu wa konkuno. Ameneyu anali katswiri wa nthabwala. Msilikali akagwa m'filimu, iye ankakuwa kuti, "Lagwa papaya lina!" ndipo m'nyumba zoonetsera mavidiyo anthu ankaseka mpaka nthiti kuwawa.

Koma nthabwala nazo zimasukuluka. Mafilimu ake awiri otsatizana anthu sanawakonde. Mwini situdiyo anamuitana, namupatsa filimu ya nkhondo ya Agiriki akale, nati, "Iwe, anzako ayamba kukuposa. Imeneyi ikapanda kuseketsa anthu, maikolofoni ndipatsa wina. Tijambula Lachisanu." Munthuyo anali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo ntchito ina sankaidziwa.

Mayina a m'filimuyo anali opinda lilime. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho anapita kwa a Dzimbiri, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankakhala kuseri kwa nyumba yake. Mkuluyo anatulutsa buku lonenepa ngati njerwa, nati, "Filimu yakoyo anaitenga umu. Iyi ndi ndakatulo imene Agiriki ankaimba kalekale. Ukawerenge, usakangothyola mayina ngati chimanga cha m'munda mwa eni."

Womasulira uja anatenga bukulo kupita nalo kunyumba, nayamba kuwerenga ndi Chingerezi chake chotsimphinacho, filimu ikuyenda pambali. Nkhondo inali yomweyo, mzinda womwewo. Koma m'filimu asilikali ankagwa makumimakumi, kamera osawayang'ana n'komwe, ili pambuyo pa ngwazi yokongola nkhope. M'buku, woimba ndakatuloyo ankaima pa munthu aliyense wakugwa. Ankatchula dzina lake, dzina la bambo ake, mudzi wa kwawo. Uyu ankaweta njuchi. Uyu mayi ake anali asanamalize kumulukira chofunda. Akatero m'pamene ankamulola kuti afe.

Lachitatu munthu uja anayeserera mawu ake. Msilikali woyamba atagwa, anatsegula pakamwa kuti atchule papaya, koma nthabwalayo inakana kutuluka. Anabwereza kachiwiri, chimodzimodzi. Mantha anamugwira, chakudya osalowa.

"Bambo a Tiyese, mwatani?" anafunsa mkazi wake.

"Nthabwala zandithawa. Anthu aja ali ndi mayina."

"Ndiye anawa adzadya mayinawo? Kabwezeni bukulo!"

Musamuweruze mayiyu, ankanena zoona. Munthuyo anakabweza bukulo Lachinayi m'mawa, koma zimene anawerenga zinakana kutuluka m'mutu mwake.

Lachisanu anakhala kutsogolo kwa maikolofoni, mwini situdiyo ataima pambali. Nkhondo inayamba. Mkondo unalasa msilikali wa pakona penipeni pa chithunzi, amene nkhope yake sinaoneke n'komwe. Mwini situdiyo anamwetuliratu, kudikira papaya. Munthu uja anatchula dzina lachigiriki la m'buku muja, nati, "Ameneyu kwawo ankaweta njuchi. Ming'oma yake ikumudikira, koma sabwerera." Wachiwiri atagwa anamutchulanso dzina, wachitatu chimodzimodzi. Mwini situdiyo anatukula manja, kukodola, kukukuta mano, koma munthuyo sanacheuke mpaka filimu inatha. Nthawi yojambulanso panalibe, pakuti ogulitsa madisiki anali atadzaza kale pakhomo.

Loweruka masana anakakhala pa benchi yakumbuyo m'nyumba ina yoonetsera mavidiyo. Ankapemphera kuti wina aseke, ngakhale mmodzi. M'nyumbamo munangoti zii. Kenaka anyamata anayi anadzuka. "Aaa, kodi tabwera kusiwa kuno?" anatero mmodzi, ndipo anatuluka akutukwana. Filimu isanathe, uthenga wa mwini situdiyo unafika pafoni: "Lolemba usabwere."

Womasulira uja anatuluka akuganiza zimene akanene kunyumba. Pakhomo panali mayi wina wachikulire wogulitsa mandasi. Ameneyu mafilimu sankaonera, ankangomva mawu odutsa m'mipata ya matabwa. Munthu uja atapepesa kuti adutse, mayiyo anazindikira mawu ake, namugwira malaya.

"Ndinu mumalankhula mujamu?"

"Ndine, mayi," anayankha, akudikira kuti amunyoze.

"Mwana wanga anapita kunkhondo ya kunja. Pa wailesi anangoti asilikali anayi afa. Anayi, ngati akuwerenga mbuzi m'khola."

Munthuyo anafunsa, "Dzina lake anali ndani, mayi?"

"Sipiliyano," anatero mayiyo. "Asanalowe usilikali ankakonza njinga pamsika apa. Chimunthu chachitali, koma mabingu akagunda ankabisala kuchipinda. Zaka zisanu tsopano, palibe anandifunsapo zimenezi."

Mayiyo analankhula mpaka mandasi anazizira m'beseni, ndipo munthu uja anaima pomwepo kumvetsera, ntchito alibe. Ndisakunamizeni, maikolofoni sanamubwezere. Anavutika, ndipo ana ake anavutika naye.

Tsono inu mumandifunsa kuti chabwino n'chiti, buku lakale lija kapena filimu. Onerani filimu, ine sindikuletsani, nanenso ndimaonera. Koma dziwani chimene imasiya. Imakuonetsani wopambana, ogwawo n'kuwasandutsa gulu lopanda nkhope, ndipo mtima ukazolowera zimenezo umachita chimodzimodzi kunja kuno. Mukamva kuti anthu khumi afa pangozi kapena apita ndi madzi, musangopukusa mutu n'kupitiriza ulendo. Ngati wofedwa ali pafupi nanu, khalani pansi mumufunse kuti malemuwo anali ndani, ankachita chiyani. Mwina mudzataya nazo kanthu, monga anatayira munthu uja. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina m'gulu la khumiwo mudzakhala mwana wanu, ndipo mudzalakalaka atapezeka munthu mmodzi wokufunsani dzina lake.