Nyanga za Njati pa Waya

M'mwezi wozizira wa Juni chakudya cha Nalimata chinkapezeka pamalo amodzi okha, pa babu la m'sitolo ya Nyani, pomwe tizilombo touluka tinkasonkhana. Kunja konse kunali njala. Choncho Nalimata ankakhala kudengako phee, akudya za ulele.

Nyani anali atangogula modemu, kabokosi kotumiza zithunzi pa waya wa foni. Kakamayamba ntchito kankalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, koma mwini wakeyo ankatsinzina n'kumamvetsera ngati ndi kwaya. Tsiku lina chitosi cha Nalimata chinagwera pa kabokosiko.

"Iwe, usamuke lero lomwe," anatero Nyani.

"Ndisamuka, bwana," anayankha Nalimata. "Koma chisoni changa chili pa kabokosi kanuko. Kulira konseko, liwiro kalibe. Ine ndimaona ndili kuno. Disiki ya kompyuta imameza chithunzi inu musanamalize kuyasamula, pomwe waya wanu amachita kunyambita."

Apa Nalimata sananame. Chomwe sananene n'chakuti disiki ilibe miyendo.

Pa tebulo panali ntchito ya Njati, yemwe ankafuna kuti chithunzi cha ukwati wake chifike kwa Mvuu, wosindikiza zithunzi kutsidya kwa mtsinje. Nyani ndi Nalimata anapangana mpikisano, kuti Nyani achitumize pa waya, Nalimata achinyamule pa disiki. Disiki ikayamba kufika, denga ndi la Nalimata mpaka kalekale. Waya akayamba, Nalimata akagona kutchire.

Disiki inameza chithunzi nthawi yomweyo, kabokosi kakukonzabe kukhosi. Koma Nalimata atayibereka anaona kuti wadziputira. Chinthucho chinali chachikulu kumuposa. Pofika pa mtengo wa mango anali wefuwefu, ndipo anachita mantha zedi. Anabisa disiki m'masamba n'kuthamanga chobwerera.

Kuseri kwa sitolo kunali a Nangondo, apongozi ake a Nyani, akusenda nyemba. M'chipinda chawo munali foni ina ya pa waya womwewo.

"Mayi, ndamva kuti achemwali anu akumapiri aja akudandaula kuti munawataya," anatero Nalimata. "Foni ili m'nyumba, inu osawapatsa ndi moni yemwe?"

A Nangondo anasansa m'manja n'kukanyamula foni. Pompo kabokosi kanati zii, chifukwa waya mmodzi sanyamula chithunzi ndi mawu nthawi imodzi. Kwa Mvuu kunali kutangofika nyanga za Njati, pakuti chithunzi cha pa waya chimatsika mzere ndi mzere kuyambira kumwamba.

Nyani anafika pakhomo la chipindacho mtima uli m'mwamba, ndipo atamva mawu a apongozi anangoima. Mkamwini angauze apongozi kuti ikani foni pansi? Ngakhale kuwayang'ana kumaso sangathe. Anabwerera chanyonyomala n'kukadikira moni wa ana, wa mbuzi, mpaka wa nkhuku. Apongozi atatha, Nyani anayambiranso chithunzi pachiyambi.

Nalimata anali atakokera disiki mpaka pa mlatho pamene anamva nkhumba ija ikuliranso. Anathamanganso chobwerera.

"Mayi, za mwendo wa alamu anu munafunsa? Adzati mulibe chisoni."

"Ogo, ndinaiwaladi, mwanawe."

Kwa Mvuu kunafikanso nyanga, n'kuima pomwepo.

Ulendo wotsatira Nalimata sanavutike n'komwe. Anangoti, "Akuchimuna akamva kuti mwaimbira akwanu okhaokha, kaya." A Nangondo anakokera mpando pafupi ndi foni. Nyani anakhala pansi atagwira kumutu, akutukwana ndi mtima wokha.

Nalimata anafika kutsidya mawondo atanyuka, n'kupeza Mvuu akuyang'ana kompyuta modabwa.

"Kodi a Njati anakwatira nyanga zokhazokha?" anafunsa Mvuu. Analowetsa disiki, ndipo mkwati ndi mkwatibwi anatulukira athunthu, ndi nsapato zomwe.

Nyani anavomera kuti wagonja, pakuti pangano ndi pangano. Nkhani ikanathera pomwepo, koma pakamwa pa Nalimata sipasunga kanthu. Madzulo, ali pakhoma kukwera kubwerera ku babu lake, anayamba kufotokozera mokweza Njati, yemwe anali atabwera kusitoloko.

"Gogo uja ndinamuyendetsa ngati ng'ombe ya pangolo. Ndikati foni, iye foni. Achemwali akewo sindiwadziwa n'komwe."

Tsoka sasimba. A Nangondo anali pakhomo ndi tsache m'manja. Apongozi amaopedwa ndi mkamwini, koma iwo saopa nalimata. Tsache linatera pakhoma kuti phwa! Nalimata anathawira kudenga, mchira wake n'kutsala pansi ukuvina wokha.

Nyani anaseka mpaka misozi, ndipo tsiku limenelo anawagulira apongozi ake shuga osatumidwa. Denga sanalande. Koma m'mawa uliwonse ankayang'ana kumwamba n'kufunsa mwaulemu kwambiri.

"A Nalimata, mchira uja wafika pati?"

Nalimata ankatembenuka n'kuyang'ana kachitsa kake, kamene kankaphuka pang'onopang'ono mochititsa manyazi.

"Ukubwera, bwana," ankatero. "Ndinautumiza pa waya wanu."