Nkhunda za Nankhoma Zokana Kugawika

Ndikulumbira pali amayi anga ali kumandawo! Mphezi inding'ambe pompano ndikawonjezerapo ngakhale nthenga imodzi! Ndinaliko ine, ndinaona ndi maso angawa.

Kalekale, m'mudzi wina kuseri kwa phiri, munali mayi wina dzina lake Nankhoma. Iye ndi mwamuna wake ankaweta nkhunda. Nkhunda zake, ana inu! Zikauluka, nkhuku zinkathamangira m'khola poyesa kwada.

Mwamuna uja atamwalira, abale ake khumi anafika tisanamete n'komwe. Anatenga makasu. Anatenga mphasa. Anazula ndi chitseko chomwe.

"Mlamu, zatsala nkhunda," anatero wamkulu wawo, Chidzanja.

Nankhoma sanalire. Anawerenga nkhunda zake, napha zitatu, naotcha, nadya yekha. Zinatsala zikwi ziwiri, mazana asanu, makumi awiri ndi imodzi.

"Tengani, alamu," anatero. "Koma mukalumbire pamanda a m'bale wanu kuti mugawana mofanana, zamoyo, osatsalako ngakhale imodzi. Wophwanya lumbiro, malemu amutsate."

Analumbira, malovu ali chuchuchu.

Anagawa pakhumi. Iyi yako, iyi yanga, iyi yako, iyi yanga. Inatsala imodzi!

"Tachuluka," anatero Chidzanja. "Iwe chitsirizira, wabadwa dzana lomweli. Choka!" Chibonga pamsana, phaa!

Anagawa asanu ndi anayi. Inatsala imodzi!

"Uyunso bambo ake sitikuwadziwa bwinobwino!" Phaa!

Anagawa asanu ndi atatu. Imodzi! Asanu ndi awiri. Imodzi! Mano ankagwa ngati chimanga chotonola. Nankhoma ali pachitsa, akutokosa m'mano.

"Pepani alamu, tayesaninso. Mwina munalumpha."

Anatsala awiri. Uyu chikwi chimodzi, mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi, uyonso chimodzimodzi. Kankhunda kamodzi kali pakati, kakuwayang'ana cham'mbali. Anagwirana pakhosi mpaka Chidzanja analuma khutu la mng'ono wake, ndipo khutulo ndinatola ndine.

Chiwerengero chimenecho n'chouma mutu, ana inu. Itanani mudzi wonse, sichigawika. Chimangolola munthu mmodzi kutenga zonse, kapena anthu ochuluka ngati nkhundazo, aliyense yakeyake.

Chidzanja anatsala yekha. "Zagawika tsopano!" anakuwa. Anazilonga m'madengu, nazitutira kwawo pangolo.

Koma anaiwala kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu. Abale ake asanu ndi anayi aja anamutsatira, mitu yomanga nsanza, nayamba kumutukwana pabwalo pake. Atangotsegula madengu, phuuu! Zonse m'mwamba, ulendo wa kwa Nankhoma. Palibe anapondakonso. Abale aja anakalamba osapatsana moni, ngakhale pamaliro.

Nthano yanga yapsa, ndaphula. Wolanda za mayi wamasiye amatsala wopanda chuma, wopandanso abale.

Ukuti chiyani iwe Namaseko? Akuti pogawa ponsepo palibe dzira limene linaswa n'kusokoneza chiwerengero? Zamkutu! Nkhunda zinkadziwa kuti zili pamlandu, zikanaswa bwanji? Sonkhezera moto apo!