Ng'ombe ya Chimkwende

Kalekale, msewu usanadutse kuseri kwa phiriku, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Chimkwende, wa mfunda wa Mbewe. Ameneyu ndiye bambo wa agogo awo a mayi anga, choncho tonse tili panofe tili ndi magazi ake. Ena akamanena za iye amati ankamva chinenero cha ng'ombe. Zimenezo n'zowonjezera. Anali munthu wopenyetsetsa basi. Ng'ombe ikasiya kubzikula, iye ankaigwira mphuno, n'kuitsegula chikope, n'kupasula ndowe zake ndi kamtengo, kenako n'kunena chavuta. Nthawi zambiri ankalondola. Anthu ataona zimenezo anayamba kumuonetsanso zilonda zawo ndi ana otentha thupi.

Koma muno anali mkamwini, ndipo alamu ake sankalola kuti aiwale. Wamkulu wawo, Kalimanjira, ankakonda kumuseka pa mowa kuti anabwera kudzakwatira atangonyamula mphasa ndi maso. Tsono itayandikira nthawi ya mowa wokumbukira maliro a apongozi ake aakazi, Chimkwende analonjeza pagulu kuti ndiwo za tsikulo zichokera kwa iye. Anapita kwawo, nabwerako ndi ng'ombe yamtheno yonenepa. Mudzi wonse unatuluka kudzaona.

M'mawa wa tsiku lakelo anapita kukhola yekha, napeza ng'ombe ija ili gone, itafa. Dzulo lake inkadya bwinobwino. Mimba inali itatupa kale, ndipo m'mphuno munkatuluka magazi akuda osaundana. Kodi mukuganiza kuti sanadziwe? Anadziwa. Nthenda imeneyo anaiona kwawo ali mnyamata, ndipo anaona zimene inachita kwa anthu amene anasenda. Anadziwa, ana inu, anadziwa.

Nanga anatani? Anaganiza za mowa umene unali utapsa kale, za alendo amene anali m'njira, za kuseka kwa Kalimanjira. Anapukuta mphuno ya ng'ombe ndi udzu, naicheka pakhosi kuti ioneke ngati yophedwa, kenako n'kuitana amuna kuti adzasende. Iye anati wabinya dzanja, nakhala potero.

Atang'amba mimba, Kalimanjira anatulutsa kapamba wotupa, wofewa ngati phala.

"Alamu, inu odziwa ng'ombe, ichi n'chiyani?"

"Mafuta amenewo, alamu. Simunadyepo ng'ombe yonenepa kodi?"

Anthu anaseka, ntchito n'kupitirira. Chinthu chimodzi chokha anachita Chimkwende: anakokera mkazi wake Nankhoma kuseri kwa nkhokwe, namuuza kuti iye ndi ana asakhudze nyamayo ngakhale ndi chala. Chifukwa chake sananene.

Mlungu usanathe, amene anasenda ndi amayi amene anaduladula nyama anayamba kutuluka timatuza toyabwa m'manja ndi m'khosi. Timatuzato tinaphulika n'kusiya nkhanambo yakuda ngati khala, mozungulira mutatupa, koma mosapweteka. Ena amene anaotcha chiwindi pamoto n'kudya chisanapse anadwala m'mimba. Kalimanjira ndiye anatupa kuyambira paphewa mpaka kumaso. Anaitanitsa mlamu wake yemweyo kuti adzamuone. Chimkwende anamugwira dzanja, nalitembenuza, nayang'ana nkhanambo ija nthawi yaitali, kenako anati nthenda yotere sanaionepo. Kalimanjira anamwalira.

Anthu akafa motero, mudzi umafuna munthu. Woombeza ula analoza Mwandida, mayi wamasiye amene anagawa nyama m'miphika tsiku lija. Iye sanadwale, komanso chaka chapitacho anakangana ndi Kalimanjira za malire a dimba. Umboni wonse unali umenewo. Akuluakulu anagamula kuti amwe mwabvi, uja wa khungwa loopsa: akasanza ndiye kuti alibe mlandu, akafa ndiye mfiti.

Pano mumve bwino, chifukwa pamaliro ena mudzamva kuti kholo lathu linadumpha n'kukankha chikho. Ine ndinafunsa agogo kangapo, ndipo sanasinthe mawu. Chimkwende sanadumphe. Anakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi amuna anzake, mutu uli pansi, Mwandida akumwa. Anamwa chonse.

Amene anaimirira ndi Nankhoma, mutu uli wometa chifukwa cha maliro a mchimwene wake. Anagwada patsogolo pa mwamuna wake monga mwa ulemu, koma analankhula kuti aliyense amve.

"A Mbewe, m'nyumba mwathu simunadwale munthu. Auzeni anthuwa chimene munandiletsera kukhudza nyama ija."

Chimkwende anati nkhani za m'nyumba akakambirana kunyumba.

"Mchimwene wanga munamugwira dzanja. Mayi awa muwasiyanso?"

Pamenepo ndi pamene ananena. Ananena zonse: za mphuno, za mpeni, za kapamba. Amayi anathamangira kwa Mwandida ndi madzi ofunda, namugwira mpaka anasanza. Anapulumuka, koma miyendo yake sinalimbenso, ndipo m'mudzi muno sanafune kukhalamo. Abale ake anadzamutenga pamachira. Chimkwende anapita kukapepesa atanyamula mbuzi, koma anabwerera nayo.

Sanamuthamangitse, chifukwa panali odwala, ndipo wodziwa nthendayo anali iye yekha. Anayenda nyumba ndi nyumba kuona manja a anthu, kupatula amene akhudzidwa ndi amene angoopa. Anasonkhanitsa chikopa, mafupa ndi nyanga, nazitentha m'dzenje lakuya, natchinga malowo ndi minga kuti ziweto zisadyepo. Anakhala zaka zambiri pambuyo pake. Anthu ankamuitanabe kukhola, koma akanena mawu ankayang'ana kaye mkazi wake.

Alangizi a ziweto masiku ano ali nalo dzina la nthendayi, ndipo zizindikiro zimene amaphunzitsa n'zomwezo zimene kholo lathu linaona m'mawa uja. Maso ake sanalakwe. N'chifukwa chake pabanja pathu chiweto chofa chokha sitisenda, ngakhale alendo ali pakhomo. Wodwala akabwera ndi chilonda chachilendo, timafunsa chimene chafa kukhola tisanafunse amene anakangana naye. Ndipo amene waona chizindikiro anene pomwepo, kwa onse, osati kwa a m'nyumba mwake okha. Kusekedwa kwa tsiku limodzi Chimkwende anakukana. Ife zidzukulu zake tikapita kumudzi kwa a Mwandida, mpaka lero sitiyamba ndife kutchula dzina la Chimkwende.