Madzi Amene Anadikira Mwini Wake

Panali munthu wina amene anakhalitsa ku Joni, akugwira ntchito yosamalira maluwa panyumba za eni chuma. Mkazi wake, Nachisale, anatsala kumudzi. Kuyambira ali mtsikana mayiyo ankasamba ndi ndowa m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba, ndipo m'nyengo yozizira ankatulukamo mano akugundana.

Munthuyo ataona mmene anthu a kumeneko ankasambira, madzi akuwagwera kuchokera kumwamba, anati mumtima, "Mkazi wanga nayenso adzasamba chonchi." Chaka china anabwera kutchuthi atanyamula mapaipi. Anamanga bafa la m'nyumba n'kuikamo shawa. Anakweza thanki yakuda pansanja, n'kuidzaza madzi a pachitsime. Ntchito itangotha, tchuthi nacho chinatha.

Tsiku lonyamuka, Nachisale anati, "Bambo a Mwandida, mundisiyire kiyi, ndizikolopamo."

"Ndikakusiyirani, mawa alamu anu onse adzakhala pamzere ndi sopo m'manja," anatero mwamunayo. "Tidzatsegulira limodzi ndikadzabwera kudzakhala."

Mayiyo anaseka. "Kodi bafali nalo lakwatiwa ndi mtchona ngati ine?"

Mwamunayo anakhoma chitseko, n'kuponya kiyi m'thumba, n'kupita. Anati abwera chaka chamawa. Chaka chamawacho chitafika, anati china. Nachisale anapitiriza kusenza ndowa yake, akudutsa pachitseko chokhomacho m'mawa uliwonse. Thanki inangokhala padzuwa. Madzi ankafunda masana, osatentha kwenikweni, osazizira kwenikweni, ndipo m'mapaipi munalibe dontho loyenda.

Pomaliza munthuyo anabwera kudzakhala, imvi zitamera. Mkazi wake nayenso anali atakula, ndipo chifuwa chinkamuvuta kawirikawiri. Atatsegula chitseko chija, Nachisale anati, "Madzi akalewa titaye kaye, titsuke thanki."

Mwamunayo anatsegula mpopi n'kutchera dzanja. Madzi anali oyera, opanda fungo.

"Taonani kuyera kwake, a Nachisale. Madzi ngati awa tithirire udzu? Mwadikira mokwana. Lowani, woyamba ndinu."

Mayiyo analowa. Anasamba nthawi yaitali, ndipo mwamuna wake, atakhala pakhonde, ankamumva akuimba ndi kuseka ngati kamtsikana. Atatha, naye anasamba.

Sabata isanathe, Nachisale anatentha thupi, n'kuyamba kutsokomola. Mwamuna wake anaganiza kuti ndi malungo, anagula mankhwala pagolosale. Pamene ankafika naye kuchipatala, n'kuti akubanika. Dokotala anapeza kuti ndi chibayo, ndipo atafunsa mmene anayambira kudwala, anamva za thanki ija. Anafotokoza kuti pali tizilombo timene timaswana m'madzi ofunda amene akhalitsa osayenda. Tizilomboti sitiwononga maonekedwe a madzi. Timalowa m'mapapo munthu akamapuma nthunzi ya shawa, ndipo timagwetsa msanga okalamba ndi a chifuwa chofooka.

Mwamunayo, amene anasamba madzi omwewo, sanadwale ngakhale chimfine. Nachisale sanabwererenso kunyumba.

Tsono inu amene muli ndi thanki pansanja, inu amene munamanga nyumba kumudzi koma mukukhala kutali, mverani. Madzi asamagone m'mapaipi. Siyirani kiyi amene ali pakhomo, azitsegula mipopi kawirikawiri. Thanki muziitsuka ndi kuivundikira bwino, ndipo ngati muli ndi giza yotenthetsera madzi, madzi ake azitentha ndithu, asamangofunda. Mukafika panyumba imene yakhala yotseka, musathamangire shawa. Tayani madzi akale, tsegulani mazenera, mipopi ithamange inu mutatuluka. Wina akayamba kubanika, musamuchedwetse ndi mankhwala ongoganizira.

Ife timakonda kusunga chinthu chabwino mpaka mwini wake adzabwere. Mbale zikhoza kudikira m'kabati, suti ikhoza kudikira m'sutikesi, koma madzi sadikira munthu, ndipo amene munamusiya pakhomo akukalamba. Chimene mwamukonzera mupatseni lero, akadali ndi mpweya woti aimbire.