Kiyi M'manja, Chitseko Palibe

Panali munthu wina, dzina lake Zuze, wakwathu kuchigwa kuno, amene anakakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kumeneko anakwatira Marita. Mkazi wokongola ameneyo, anthuni, moti asodzi ankaiwala kupalasa akamuona akudutsa.

Anthu akumeneko ankamanga nyumba pamwamba pa mizati, pansi n'kusiya poyera. Pansipo ankasungapo nsomba zouma, amayi n'kumachezapo. Zuze sizinamusangalatse. Nsanje! Anaumba njerwa n'kutseka pansi ponse. Khoma lopanda zenera, chitseko chimodzi chachitsulo. Akamapita kumsika ankakhoma loko, mkazi ali m'kati.

Mmisiri wina wokalamba anamuuza kuti, "Mwana wanga, nyanja iyi ikabwera kudzacheza sichita odi. Isiyire podutsa."

Zuze anati, "Podutsa madzi padutsanso amuna, madala."

Tsiku lina m'mawa dziko linagwedezeka. Posakhalitsa nyanja inabwerera m'mbuyo, nsomba n'kutsala zikuphiriphitha pamchenga. Eni dera anadziwa tanthauzo lake. Anabereka ana, ulendo wa kuphiri. Zuze anali kumsika, kutali kumtunda, kiyi ali m'thumba.

Tsono panali mnansi, mai Ajida, amene Zuze anawaletsa kuponda pakhomo pake chifukwa cha pakamwa. Komatu wapakamwa ndiye amadziwa kuti m'nyumba iti mwatsala ndani. Mai Ajida anabwerera panjira, anatola musi, namenya loko uja katatu mpaka anathyoka.

"Tuluka, mnzanga! Bwana wakoyo ukamufotokozera kuphiri."

Atangokwera chitunda, funde linafika, lija pawailesi amati sunami. Silinali funde lamasiku onse lomenya n'kubwerera. Inali nyanja yonse ikuyenda. Pa nyumba za mizati madzi anadutsa pansi, n'kukokolola nsomba ndi mitondo, koma nyumba zambiri zinatsala chilili. Pa khoma la Zuze anasowa njira. Anaunjikana, anakwera, anakankha ndi kulemera kwawo konse, naliwombanso ndi bwato limene ananyamula kugombe. Pobwerera anakumba maziko. Khoma linagona, nyumba pamwamba pake.

Zuze anafika masana. Anaima pamatope, kiyi ali m'manja, chitseko palibe. Marita ndiye sanatsikenso phiri lija. Anakwatiwa komweko, ndipo amene anamukwatirayo ine ndikumudziwa, koma za lero si zimenezo.

Inu abambo a maloko, mwamva. Chimene mwachitsekera njira chimadzakankha ndi mphamvu zake zonse. Pakhomo panu siyanipo podutsa mphepo, alendo, ngakhale ife olongololafe. Tsiku la madzi, wobwera ndi musi adzakhala yemwe uja munamuthamangitsa.