Chidutswa Chimodzi cha Kapeti

Panali mayi wina mumzinda amene anali ndi shopu yobwereketsa madiresi aukwati. Anthu ankawatchula kuti Mayi Nagama. Shopuyo inali pansi pa nyumba yosanja, pafupi ndi siteji ya minibasi, ndipo pamwamba pake panali maofesi. M'kati munali madiresi oyera opachikidwa pamzere, galasi lalikulu lofika pansi, ndi atelala awiri, amayi okhaokha, amene ankachepetsa kapena kukulitsa diresi kuti limukwane mkwatibwi.

Pansi panali kapeti. Sinali ya chinsalu chimodzi chachikulu ayi. Inali ya zidutswa za makona anayi, chilichonse chachikulu ngati thireyi, zoyalidwa mogundana ngati matailosi. Mayi Nagama anaipeza ili momwemo tsiku limene analowa mu shopumo, pakuti kale munali ofesi yogulitsa matikiti a mabasi. Mtundu wake unali wa dothi. Munthu akafunsa, iwo ankayankha kuti kapeti yawo ndi yakhaki. Atelala nawonso ankati ndi yakhaki. Panalibe wotsutsa.

Tsono inu mukudziwa kuti mkwatibwi sabwera yekha kudzasankha diresi. Amabwera ndi mayi ake, azakhali ake, anzake a kukwaya, ndiponso mlamu wina amene sanaitanidwe. Onsewa amalowa ndi nsapato. M'chilimwe ankalowa ndi fumbi, m'dzinja ankalowa ndi matope. Wina ankadya tchipisi podikira, mafuta n'kudonthera pansi. Mwana ankataya chakumwa. Wina ankagwetsa chingamu, mnzake n'kupondapo. Panalibe amene anabweretsa litsiro lambiri tsiku limodzi. Aliyense ankangosiyapo pang'ono n'kumapita.

Mayi Nagama sanali aulesi. Ankasesa m'mawa uliwonse asanatsegule. Tsache linkatola tiulusi ndi mapini, koma zotsalazo linkangozikankhira m'kati mwa ubweya wa kapeti. Zinayenda choncho zaka zisanu ndi ziwiri.

Loweruka lina kunabwera mtsikana wina, namwino, ndi gulu la abale ake. Anasankha diresi la mchira wautali. Atavala anayenda kuchokera kuchipinda chovalira kukafika pagalasi, anatembenuka, n'kubwereranso. Amayi onse analuluta. Atelala anasiya makina n'kuwomba m'manja. Koma azakhali ake a mtsikanayo, mayi wa maso akuthwa, anawerama n'kunyamula mchira wa diresilo. Kunsi kwake kunali kutada ngati chiguduli chokolopera.

"Pepani amayi," anatero azakhaliwo, "kodi diresili munthu anapita nalo kumunda?"

Anthu anaseka. Mayi Nagama nawo anaseka, chifukwa panalibe china chochita. Koma mtsikanayo anavula diresi lija, ndipo gulu lonse linatuluka kukafuna kwina. Pasanathe sabata, nkhaniyo inali itafika m'makwaya atatu.

Nyengo ya maukwati inali pafupi. Mvula inali itatha, anthu atakolola, ndipo m'matchalitchi ankalengeza maukwati Lamlungu lililonse. Mayi Nagama anati zimenezi zithe msanga. Anaitana bambo wina amene anali ndi makina akuluakulu ochapira.

Bamboyo anabwera pagalimoto, ali ndi mapaipi ndi zigubu. Sanawerame n'komwe kuti aione kapetiyo. Anathira sopo wamadzi chipinda chonse, thovu linafika m'akakolo, ndipo makina analira mpaka anthu a pasiteji anabwera kudzasuzumira pawindo. Patatha maola atatu anapinda mapaipi ake.

"Mawa mudzadziona nkhope pansipa," anatero, n'kumapita.

Kapeti ili yonyowa inkaoneka bwino ndithu. Koma madzi anali atalowa m'mipata ya zidutswa n'kukhazikika pa simenti. Patatha masiku awiri, makona a zidutswa anayamba kupindikira m'mwamba. Litsiro limene linatsikira pansi linakweranso pamene kapeti inkauma, n'kusiya mabanga akuluakulu. Sopo wotsalira ankamata kunsapato, fumbi lililonse lolowa n'kukakamira pomwepo. Kenako kunabwera fungo la chuku, ndipo linayamba kulowa m'madiresi. Mayi Nagama atamuimbira bambo uja, iye anayankha kuti vuto si makina ake, kapetiyo inafa kalekale.

Pamenepo anaganiza zoichotsa yonse n'kukaitaya. Izi zinkatanthauza kutseka shopu milungu ingapo kuti amisiri akonze pansi, pa nthawi yomwe akwatibwi ankafunafuna madiresi. Zinkatanthauzanso kuti atelala awiri aja akakhala kunyumba opanda ntchito. Atelalawo anamva. Anangopitiriza kusoka mitu ili pansi.

M'mawa mwake Mayi Nagama anamanga chitenje m'chiuno, anagwada pakati pa shopu, anagwira kona ya chidutswa chimodzi n'kuchimatula. Anachiponyera panja ndi mphamvu. Chinakagwera pamapazi a bambo wina wachikulire amene ankatsika masitepe atanyamula ndowa.

Amenewa anali Bambo Mulinde, amene ankakonza m'maofesi a pamwamba aja. Anali munthu wosalankhulalankhula. Zaka zonsezi ankangopatsana moni ndi Mayi Nagama, basi. Anaika ndowa pansi, anatola chidutswa chija, anachitembenuza. Kenako analekanitsa ubweya wake ndi chala chachikulu n'kuyang'ana pansi penipeni pomwe unayambira.

"Mayi, mwataya?"

"Ndataya, bambo. Yonseyi ikupita kudzala."

"Mundibwereke chimodzichi mpaka mkuja."

Mayi Nagama anapukusa mutu. "Chimodzi chithandiza chiyani? Zilipo mazana awiri muno."

"Ine sindinapemphe mazana awiri," anatero Bambo Mulinde. Anatulutsa cholembera cha inki m'thumba la ovololo yawo. "Lembani dzina lanu kumbuyoku."

Mayiwo analemba, pongofuna kuti nkhani ithe. Koma poti munthu wachikulire anali atapempha, anasiya kumatula zinazo kuti adikire masiku awiriwo.

Bambo Mulinde anapita nacho kuseri kwa nyumba, komwe kunali mpopi. Sanachithire madzi. Anachiimika pakhoma pamalo pa mphepo mpaka chinauma gwa, pakuti ankadziwa kuti fumbi likanyowa limasanduka matope. Chitauma anachimenya ndi ndodo. Fumbi linatuluka, anamenyanso, linatulukanso, mpaka alonda a pageti anayamba kutsokomola n'kuwafunsa ngati akuphwasula nyumba. Anatenga mpeni wosathwa n'kupala chingamu, kamodzikamodzi. Pamene panali mafuta anapakapo sopo pang'ono ndi chala n'kudikira.

Atatero m'pamene anabweretsa madzi ofunda m'beseni, ochepa, ndi bulashi. Ankakwecha motsata ubweya, kuchokera m'mbali kupita pakati. Madzi oyamba anada bii. Achiwiri anali ngati tiyi wopanda mkaka. Sanasiye pamenepo. Anatsukuluza kachitatu, kachinayi, kachisanu, mpaka madzi anatuluka oyera ndipo thovu linatheratu. Anachipsinja ndi thaulo lakale, anachigoneka pamthunzi pa malo osalala, n'kuika njerwa pa makona onse anayi kuti chisapindike. Kenako anabwerera ku ntchito yawo ya pamwamba.

Mkuja m'mawa analowa mu shopu atachikulunga m'nyuzipepala. Mayi Nagama anali pagalasi, atelala ali pamakina. Bambo Mulinde anagwada pomwe panali mpata paja. Anapukuta simenti, anayang'ana kamuvi kolembedwa kumbuyo kosonyeza komwe ubweya umagonera, n'kuchikhazika chidutswacho m'malo mwake. Anachikanikiza ndi chikhatho n'kudzuka.

Chinali chofiira.

Sichinali chofiirira ngati dothi ayi. Chinali chofiira psuu, ngati tomato wakupsa, pakati pa chipinda chonse chakhaki.

Makina onse awiri anaima. 

"Bambo Mulinde," anatero Mayi Nagama, "musandiseweretse. Chimenechi mwachitenga kumaofesi kwanu."

Bamboyo anaweramanso, anatukula kona imodzi. Dzina lija linali pomwepo, lofufutika pang'ono koma lowerengeka, m'zilembo za mayiwo.

Mayi Nagama anakhala pansi pomwepo, pa kapeti yonunkhayo, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi. "Zaka zisanu ndi ziwiri!" anatero. "Akwatibwi amakafuna kapeti yofiira kutali kuti ayendepo tsiku laukwati, ine ndili nayo kumapazi, n'kumaitchula khaki!"

Telala mmodzi anadzuka kuti akatenge sizasi. Atafika pa chidutswa chija anaima, n'kuchilambalala. Mnzake anavula nsapato kaye, kenako anapondapo ndi phazi limodzi kuti amve kufewa kwake. Tsiku limenelo aliyense wolowa ankachidumpha, ngakhale panalibe amene anawauza.

Shopu sinatsekedwe ngakhale tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ankachotsa zidutswa khumi, simenti ya pansi pake n'kumauma, ndipo khumi za dzana zinkabwerera. Bambo Mulinde anawaonetsa atelala kamenyedwe ndi katsukuluzidwe, ndipo Mayi Nagama nawo ankagwira bulashi. Kwa milungu itatu pansi panali mawangamawanga, ndipo makasitomala ankayenda modumphadumpha posankha poponda, uku akuseka. Zidutswa zinayi za pakhomo penipeni zinakanika. Ubweya wake unali utatheratu, ndipo Bambo Mulinde ananena zoona kuti zimenezo madzi sangazibweze. Anazitaya, pamalopo n'kuikapo chopukutira nsapato. Zina zonse zinafiira.

Abale ndi alongo, fanizo langa lathera pamenepa.

Ambiri a ife tili ndi chipinda chotere. Kwa wina ndi banja limene mwamuna ndi mkazi amangolankhulana za mchere ndi za ana. Kwa wina ndi mchimwene amene simupatsana naye moni. Mumati ndi mmene tilili, tinabadwa choncho. Mwina si choncho. Mwina ndi zazing'ono za tsiku ndi tsiku zimene zinaunjikana, mpaka munaiwala mmene zinalili poyamba.

Musaitane abale onse kuti mukhuthule madandaulo a zaka khumi masana amodzi. Mudzangonyowetsa chipinda, ndipo zakale zidzakweranso. Musafulumirenso kunena kuti zinafa. Zilipo zina zimene sizingabwerere, inde, koma n'zochepa kuposa mmene mukuganizira.

Sankhani chinthu chimodzi. Mawu amodzi amene munalankhula molakwa, kapepeseni bwinobwino, osawonjezerapo kuti "koma nawenso". Moni mmodzi, kaperekeni ndi mtima wonse. Chitani chimenecho mpaka chiyere, kenako muchibwezere pamalo pake pomwe onse angachione.

Lero mukafika kunyumba, musawerenge kuti zilipo zingati. Weramani, mutole chimodzi.