Zotchinga Zosagwa za Tryness

Pabwalo pa a Francis Mwanza, kumudzi wina cha ku Sinda, sipasowa phokoso la nkhwangwa. Bambowa amamanga makola a ng'ombe, ndipo chomwe amanga iwo sichigwa, kaya nkhunzi ilimbane nacho tsiku lonse.

Pamenepo ndi pomwe anafikira mwana wa mlongo wawo, Tryness Sakala, katswiri wa liwiro lodumpha zotchinga. Anayambira kudumpha mizere ya thonje ali wamng'ono, kenako anagonjetsa Katete yense, Chipata, mpaka ku Lusaka. Zaka zinayi anzake ankangomuona msana. Tsopano kunatsala masabata atatu kuti akuluakulu a masewera asankhe wokaimira dziko kunja, ndipo kochi wake anamutumiza kumudzi kuti akapumitse bondo lomwe linkamuvuta. Koma kupuma, Tryness ameneyu? Ayi ndithu.

"Malume, ndikhomereni zotchinga khumi," anatero. "Muzikumbire pansi, mphepo isamazigwetse."

A Francis anayamba aimbira kochi uja foni, nabwerako nkhope itagwa.

"Mwanawe, akuti upume. Komanso akuti za ku bwalo la masewera zija amazipanga dala zogwa ukazigunda, kuti mwendo upulumuke. Zanga ndi za bulugamu, sizidziwa kugonja."

"Zimagwera ogunda, malume. Ine munamvapo kuti ndagunda?"

Anamuchenjeza kawiri, katatu, koma mawu onse ankangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Mapeto ake anakumba maenje, uku akupukusa mutu.

Masiku awiri zinayenda, mtsikana akuuluka, ana a m'mudzi akuomba m'manja. Tsiku lachitatu masana bondo lija linalemera. Pa chotchinga chachisanu ndi chiwiri phazi linakodwa pang'ono pokha, mwina chala chimodzi. Kubwalo chikanangogwa, iye n'kupitirira. Koma ichi chinaima nji, monga mmene Tryness mwiniwake analamulira. Mwendo unalira ngati phesi louma.

Anamunyamula pangolo mpaka kumsewu, a Francis akukusa ng'ombe misozi ili mbwembwembwe. Kuchipatala anamuika chitsulo m'mwendo, namuuza mosabisa kuti za liwiro aiwale. Tsiku losankha lija anamvera pa wailesi ali chigonere. Anapambana ndi Natasha, mtsikana yemwe Tryness ankamusiya m'mbuyo chiyambire. Tryness anatembenukira kukhoma nalira, ndipo chinamuwawa koposa n'chakuti panalibe woloza chala.

Mitengo ija a Francis anaizula n'kukamangira khola, ndipo ilipo mpaka lero. Tryness amapita kumunda motsimphina, ndipo akafika pamzere wa thonje amayamba watsamira khasu kuti awoloke. Ndimamva chisoni ndikamuona, pakuti anauzidwa mwendo ukadali wamphumphu. Akuluakulu sananame: wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.